Nkhondo ya Mafoni pa Chinkhoswe cha Tiyamike

Lolemba, 9 Okutobala 2017

M'mawa. Chinkhoswe cha Tiyamike ndi Loweruka likudzali. Mwana wa achemwali anga, mmodzi yekhayo amene Mulungu anawasiyira, ndipo malume wake kuno ku Joni ndine ndekha. Ndiye nkhoswe ndine, mwini mbumba ndine, wokasaka mipando ya pulasitiki ndinenso.

Achemwali sabwera. Mwendo wawo uja sungapirire ulendo wa basi kuchokera ku Ntcheu. Mwezi watha analira pafoni, ati mwana akulowa m'banja popanda nthungululu ya mayi wake. Ine, pakamwa panga posadziwa kutseka, ndinati: "Musalire achemwali. Mudzaonera zonse pavidiyo nthawi yomweyo, ndipo pomuvundukula chitenje mwanayo nthungululu yoyamba idzakhala yanu. Holo yonse ya ku Mayfair idzaimva." Ndinalonjeza. Ndikulemba pano kuti ndisadzakane.

Dongosolo lake ndi ili:
– foni yanga ndiigwire ndekha kutsogolo
– ndibwereke kasipika ka kutchalitchi
– achemwali akwere pachulu cha kuseri kwa chigayo, poti netiweki kumudzi imagwira pomwepo basi
– ndigule thadzi lamoyo lopatsa akuchimuna

Zophweka ngati kumwa madzi.

Madzulo. Zaphweka kuti? Ndakumana ndi a Mbewe, ankhoswe a kuchimuna. Mkamwini wathu Bongani ndi mdzukulu wa mtchona, agogo ake anachoka ku Dedza nthawi ya migodi osabwereranso, ndiye Chichewa chake chimathera pa "ndili bwino, kaya inu". Abale ake achita kusakasaka munthu wodziwa mwambo mpaka kupeza a Mbewe, a suti, ogwira ntchito ya inshuwalansi ku Sandton. Takhala pansi kuti tikambe za nkhuku. Ndatulutsa foni yanga kuti ndiwaonetse dongosolo. Aiyang'ana ngati aona ntchentche m'thobwa.

"Ankhoswe anzanga, kavidiyo ka mayiwo tidzagwiritse yanga. Zinthu ngati izi zimafuna foni yeniyeni."

Yeniyeni! Yangayi ndi yadothi?

Mafoni a masiku ano ali ndi mipingo iwiri. Pali a apozi wolumidwa, amene chizindikiro chawo chili kumsana kwa foni kuti aliyense aone kuti mwini wake zikumuyendera. Ndiye pali ife a kachidole kobiriwira, khamu loyenda pa takisi. Ine ndili mumpingo wa kachidole chiyambire. Ku mafulati a ku Randburg kumene ndimayang'anira, aliyense wongofika kumene kuchokera kumudzi foni yake imayamba yadzera m'manja mwanga. Ya achemwali ndinatumiza ndine. Ya Tiyamike ndinamugulira ndine, sabata imene anatsika basi ku Joni. Banja lathu lonse ndi la kachidole. Ndiye lero munthu abwere ndi apozi wake woluma kale adzanyamule nthungululu ya mlongo wanga?

Tagwirizana kuti Lachinayi tonse awiri tiyese kuimbira ku Ntcheu. Yoonetsa bwino ndiyo idzaime kutsogolo.

Pofika kunyumba ku Troyeville ndawafotokozera amake Dali. Ati: "Kodi si pulogalamu imodzi yomweyo ya mauthenga imene imaimba vidiyo pa mafoni onsewo?" Ndati inde. Ati: "Nanga?" Zaukadaulo akazi anga sazimvetsa.

Lachiwiri, 10 Okutobala

M'mawa, m'takisi ya ku Randburg. Ndikulemba ubwino wa kachidole, kuti a Mbewe akatsegula pakamwa ndidzakhale ndi zipolopolo.
1. Masimu awiri, ya kuno ndi ya kumudzi, m'nyumba imodzi popanda kukangana. Apozi mitala saidziwa.
2. Memole khadi. Nyimbo za kwaya, maulaliki, zithunzi za maliro a amalume, zonse m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo.
3. Bulutufu. Ukaikonda nyimbo mnzako amakuponyera pompo. Apozi amangogawana ndi apozi anzake, ngati anthu a kumpanda.
4. Chaja. Ukaiwala yako mlonda ali nayo, wometa ali nayo, ngakhale wootcha chimanga pamsewu ali nayo.
5. Ikagwa n'kusweka umalira tsiku limodzi. Ya apozi ikasweka anthu amabwera kudzakupepesa.

Ubwino wa apozi: ndasiya mpata. Mpatawo udakali pomwepo.

Masana. Ndikutsegula paipi yotsekeka ku fulati ya madamu wina wokalamba. Foni yake ya apozi ili patebulo. Ndamufunsa mwaulemu chifukwa chake anasankha imeneyo. Ati mwana wake ndiye anamugulira, iye amangodziwa batani limodzi. Umboni woyamba umenewo, eni ake omwe sadziwa chimene akutsatira.

Tatsegula gulu la pafoni la chinkhoswe kuti tizikambirana za ophika, zitenje za yunifolomu ndi mphatso. Ine ndangoponyamo mfundo zanga zisanu zija, mwamtendere, ngati moni. Koma abale. A Mbewe ayankha ndi chimndandanda chachitali ndi chithunzi cha galu wawo, ati tione ubweya mmene ukuonekera uliwonse pawokhapawokha. Akuti apozi sagwidwa mavairasi. Akuti sakalamba msanga, ukatopa naye umagulitsa pamtengo wabwino. Akuti ubongo watsopano wa foni umawafikira onse tsiku limodzi, pamene ife a kachidole timadikira ngati makuponi a feteleza. Ya makuponiyo yandilasa.

Pofika nthawi yoweruka gulu lagawikana. Akuchimuna onse apozi. Akuchikazi onse kachidole. Mkulu wina wa kutchalitchi, amene adakagwiritsitsa foni ya timabatani ija inatchuka kale, walemba kuti tonse tasochera, koma palibe wamuyankha. Mayi wophika wafunsa mobwerezabwereza kuti mpunga ukhale wochuluka bwanji. Funso lake lakwiririka.

Tiyamike sanalembepo kanthu. Mwana woleredwa bwino, sangayambe kunyoza apongozi asanalowe n'komwe m'banja.

Madzulo. Amake Dali: "Thadzi lija mwagula?" Mawa.

Lachitatu, 11 Okutobala

M'mawa. Kunkhondo sapita ndi mpeni wobuntha. Lero ndikunola foni. Ndaikamo:
– pulogalamu yosesa zinyalala
– pulogalamu yosunga batire
– pulogalamu yoziziritsa foni
– pulogalamu yowalitsa nkhope, kuti achemwali aone kuti ku Joni tikudya

Ufulu wa kachidole ndi umenewu. Umaikamo chilichonse chimene mtima wako wafuna, palibe wokufunsa. A apozi amachita kupempha chilolezo ngati ana a sukulu yogonera konko.

Masana. Foni ikutentha ngati mbatata yootcha. Yosesa ikuti yoziziritsa ndi chinyalala. Yoziziritsa ikuti yosunga batire ndiyo ikudya batire. Ndikati ndiimbe foni, pagalasi pakutulukira mkazi wa tsitsi lalitali kundiuza kuti ndawina galimoto. Yowalitsa nkhope yandiyeretsa mpaka ndikufanana ndi mwini wake wa mafulati, mphuno yokha ndiyo yatsala yanga.

Ndaikamo ina yochotsa zonsezi. Nayonso yabwera ndi mkazi wake.

Madzulo. Tiyamike wabwera kudzayesa chitenje kwa amake Dali. Wachepa thupi mwanayu. Ntchito ya ku saluni, zokonzekera, ndiyenso kusowa mayi pafupi nthawi ngati ino. Ndamukhazika pansi n'kumuwerengera mfundo zanga, ndawonjezerapo yachisanu ndi chimodzi, ya wailesi. Wamvetsera maso ali pansi, manja pamwendo. Kenako: "Amalume, ine ndikungofuna amayi andione basi. Kaya pa foni ya ndani."

Ndamuuza kuti asade nkhawa, malume wake alipo. Komabe zandikhudza. Anafika kuno ali kamtsikana ka chikwama cha mizeremizere, kosadziwa kuwoloka msewu wa Joni, kogwada popereka moni kwa dalaivala wa takisi. Lero tikumuperekeza.

Potulutsa mpango m'chikwama mwake mwagwa chingwe choyera cha chaja, kamutu kake kakang'ono, kosalala, kosafanana ndi kathu. Wachitola msangamsanga. Ati n'cha kasitomala wa ku saluni, anachiiwala. Anthu a apozi ndi otero, kusasamala.

Foni yake ya kachidole ija ndinamugulira ili bwinobwino, galasi lopanda ndi pokalika pomwe, ngati siigwira ntchito n'komwe. Kusamala kumeneko anatengera kwathu.

Thadzi: mawa.

Lachinayi, 12 Okutobala

Masana. Tsiku la mayeso. Ndapempha kuweruka msanga, ndati dzino likundivuta. Takumana ndi a Mbewe pabwalo la holo ku Mayfair, kuseri kwa shopu ya matayala. Maluwa a jakaranda ayoyokera pa galimoto yawo, akuwapukuta ndi kansalu kapadera. Foni yawonso ili ndi kansalu kake.

Achemwali ndinawauza kuti akhale pachulu dzuwa likangopendeka. A Mbewe achedwa, ati miting'i, ndiye tayamba mochedwa ndithu.

Yanga kuyamba. Yaitana, yaitana, yagwira. Pagalasi paoneka mtambo, nthambi ya mango, kenako chipumi cha achemwali. Chipumicho chaima. Mawu akubwera okhaokha, odukaduka: "...dzuwa... mwendo... mwandiimika..." Kenako mkazi wa galimoto uja watulukira pamwamba pa chipumi. A Mbewe aseka mpaka kutsamira tayala.

Yawo tsopano. Nambala ndawalembera ndekha pafoni yawo, ndipo titamaliza ndawauza aifufute ine ndikuona, mlongo wanga asamaimbiridwe ndi anthu wamba. Yaitana, yagwira. Paoneka mbuzi. Mbuziyo yaima, pakamwa yasaa, kwa nthawi yaitali ndithu. A Mbewe: "Koma taonani ndevu zake mmene zikuonekera." Zoona, ndevu zikuoneka. Koma ife tikufuna mbuzi?

Ndiye zathera pamenepo. Yanga yaimitsa munthu, yawo yaimitsa mbuzi. Ine ndikuti ndapambana chifukwa munthu amaposa mbuzi. Iwo akuti vuto si kuno, vuto ndi foni ya kachidole imene ili ku Ntcheu. Foni imene ndinatumiza ine! Pamenepo sakunyoza foni, akunyoza mbumba. Ndawauza kuti Loweruka kutsogolo kudzaima yanga, akafuna akasume. Ati tidzaona. Za nkhuku sitinakambe.

Madzulo. Achemwali atumiza uthenga wa mawu asanatsike pachulu. Akupuma movutikira. Ati aima padzuwa mpaka mwendo watupa, koma palibe kanthu, bola Loweruka zitheke. Ati agula chitenje chatsopano. Amayi a kutchalitchi kwawo onse abwera kudzakhala nawo pachulu, ena anyamula mikeka. Ati sabata ino sakumwa madzi ozizira, ngakhale mbuzi zolowa m'dimba sakuzikalipira, akusunga kummero. "Achimwene, ndikudalira inu."

Ndati ndimvetserenso, mkazi wa galimoto wadula pakati.

Lachisanu, 13 Okutobala

M'mawa. Ndafufuta mapulogalamu onse aja. Foni yazizira, mkazi wa galimoto wasamuka. Koma mawu a makuponi a feteleza akundiyendabe m'mutu. Ndafufuza m'kati mwa foni, ndipo taonani, ubongo watsopano ulipo. Wakhala ukundidikira kuyambira kalekale, ine ndimangodina "nthawi ina". Ndiye ndani akudikira mnzake apa? Mawa a Mbewe adzaone foni ya kachidole ili ndi ubongo wa dzulodzuloli.

Ndalumikiza wayifayi ya ku ofesi ya mafulati. Foni yafunsa ngati ikamaliza kukoka ubongowo idziikire yokha osandivutitsa. Ndadina inde. Ulemu wotere apozi ali nawo?

Masana. Kamzere koonetsa pomwe yafika kakuyenda ngati nkhono. Ndatchetcha kapinga, kali pakati. Ndakonza geti, kasuntha pang'ono. Kwagwa mvula yamatalala, magetsi athima, kaima. Abweranso, kayamba kukwawa. Nthawi yoweruka yakwana katatsala kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga. Ndaima pageti foni m'mwamba mpaka mlonda wandifunsa ngati ndili bwino, "Baba, uyaphila?" Ndanyamuka. Kadzamaliza Lolemba, a Mbewe ndingowauza pakamwa.

Madzulo. Thadzi! Ndatsikira ku Mayfair, kwa mayi wina wogulitsa nkhuku zamoyo kuseri kwa renki ya matakisi. Latsala limodzi, lakameta, khosi lili psuu. Ndalitenga m'katoni. M'takisi lalira njira yonse, dalaivala akundiyang'ana pagalasi. Tsopano lili m'bafa, lajompha sopo.

Ndadzeranso pa shopu ya mafoni kwa Saidi wa ku Mangochi, kukagula chingwe cha sipika. Foni ya amake Dali idakali pomwepo, ikudikira galasi chiyambire mwezi watha pamene ndinayesa kuikonza ndekha. Ndamufunsa Saidi kuti anene chilungamo, yabwino ndi iti. Ati: "Bwana, zonse zimafika pano zitasweka." Munthu wamalonda safuna kukhumudwitsa kasitomala, koma maso ake anali kumbali yathu.

Pagulu a Mbewe alemba kuti mawa abweretsa kabokosi ka wayifayi kuti vidiyo isadukeduke, aliyense alumikize mwaulere. Matama. Koma zaulere sakana, data ya kuno ndi moto.

Amake Dali: "Nambala ya alamu anga mwailemba papepala?" Papepala, chaka chino? Ili m'foni, ndipo foni ili m'thumba mwanga.

Loweruka, 14 Okutobala

M'mawa. Suti yasitidwa. Batire ladzaza. Sipika ikulira. Thadzi lili moyo. Khasu ndi nkhwangwa zopatsa mkamwini zilipo, ngakhale mkamwiniyo amakhala pa fulati ya m'mwamba ndipo munda wake ndi duwa limodzi la m'chitini. Lero ndi lero.

Madzulo. Ndikulemba ndili m'bafa, pamene panali thadzi. Ndi malo okhawo opanda munthu wondiyang'ana.

Zayenda chonchi. Holo yadzaza. Akuchimuna uko, mafoni atawatembenuza kumsana kuloza kwa ife kuti tione maapozi. Akuchikazi kuno. A Mbewe akujambula chijambulire kuyambira m'mawa: ophika, makeke, nsapato zawo. Ndalumikiza wayifayi yawo mwakachetechete, osawathokoza, n'kubwezera foni m'thumba.

Yafika nthawi ya zitenje. Mwambo wake ndi uja: atsikana alowe atafunditsidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osayankhula, osagwedezeka, mkamwini aloze wake. Akalakwa, akuchimuna aponye kangachepe m'lichero, amayi akuchikazi avine. Bongani takhala tikumuopseza mwezi wonse kuti tidzamuikira ofanana msinkhu, ndipo tachitadi.

Nyimbo yayamba. Atsikana anayi akulowa pang'onopang'ono, amake Dali akuwatsogolera. Ndaima kutsogolo, sipika m'khwapa. Ndatulutsa foni kuti ndiimbire ku Ntcheu.

Galasi lakuda. Pakati pake kachidole kobiriwira, pamimba potsegula, ndipo pansi palembedwa kuti ndisazimitse foni, ikuika ubongo watsopano. Kanjere ka mpunga kaja kamalizika pa wayifayi ya a Mbewe. Inde uja ndinadina ndekha.

Ndadina apa, ndadina apo. Ndaipempha. Ndaiuzira mpweya. Thukuta likuyenderera m'kati mwa suti. Kumudzi achemwali ali pachulu ndi chitenje chatsopano, ndi amayi onse aja ndi mikeka yawo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndawolokera kwa a Mbewe holo yonse ikuona. "Ankhoswe anzanga, tandibwerekani yanu ija." Nkhope yawo yawala ngati awina chisankho. Aitulutsa mwaulemerero, aipukuta ndi kansalu, aidina. Yathima. Batire lathera pa makeke. Chaja asiya ku ofesi. Afunsa kumbali yawo, aliyense wabwera ndi foni, chingwe palibe. Kumbali yathu zingwe zili mbwee, m'zikwama, m'matumba, koma palibe cholowa. Mfundo yanga yachinayi yatsimikizika pamaso pa anthu, ndipo sindinakondwe nayo ngakhale pang'ono.

Anthu akutambasula mafoni awo, a mipingo yonse iwiri: "Nayi yanga, nenani nambala." Nambala. Ndikukumbukira za kumayambiriro zokha, zimene Mmalawi aliyense ali nazo. Amake Dali angondiyang'ana, ndipo bola akanatukwana. Wina wodziwa nambalayo ndi Tiyamike yekha, koma ali m'chitenje, mwambo sulola kuti ayankhule, ndipo sindikudziwa n'komwe kuti ndi uti mwa anayiwo.

Nyimbo yatha. Holo zii. Bongani waima patsogolo pa zitenje zinayi, akusaka mapazi. Ine ndaima pambali, foni yakufa kudzanja ili, sipika kudzanja ilo. Manyazi a anthu sakundipwetekanso. Chikundipweteka ndi chulu chija. Mumtima ndikuti achemwali ndikhululukireni.

Ndiye pamenepo. Kuchokera m'chitenje chachitatu, cha pamtima penipeni, kwatuluka nthungululu. Yaing'ono, yomveka ngati ya m'chitini, koma ndaizindikira pompo, ndi ya achemwali, yomwe ija ya pa ukwati wanga. Yakwera, yakwera, osapuma, kenako amayi onse a pachulu alowerera. Chitenje chikugwedezeka, m'kati muli kunong'ona: "Amayi, dikirani kaye, sanandipeze."

Bongani wangoyenda molunjika. Wavundukula. Tiyamike misozi ili chuchuchu uku akuseka, m'manja wagwira foni. Yopyapyala, yagolide. Kumsana kwake apozi wolumidwa.

Holo yaphulika. Mayi ake a Bongani akuvina akulira. Amayi akuchikazi akuti masewera aonongeka, lichero labwerera lopanda kanthu, ndipo wolakwa ndi nkhoswe. A Mbewe andikumbatira, akuti, "Ndiye kuti ndi wathu kalekale." Ndamva pambuyo pake kuti foniyo chinali chikole, Bongani anamupatsa chaka chatha. Nthawi yonseyi mwanayu akamabwera kwathu amanyamula ya kachidole ija kuti malume asakhumudwe. Ku saluni amadziwa. Kutchalitchi amadziwa. Amake Dali amadziwa.

Thadzi ndapereka, tambala ndalandira. Zimene ndayankhula pa malangizo sindikuzikumbuka. Foni yanga yadzuka nthawi yotsuka mbale, n'kundipatsa moni.

Lamulungu, 15 Okutobala

M'mawa. Kutchalitchi sindipita. Tambala wa akuchimuna walira m'bafa, aneba agogoda khoma.

Ubongo watsopano ndaufufuza bwinobwino. Zimene zasintha:
– timabokosi tinali ta makona tsopano n'tozungulira
– wotchi yasamukira kumanzere
– basi

Pagulu akuponya zithunzi. Pa chilichonse ndikuoneka ndaima pambali, sipika m'khwapa, pakamwa yasaa ngati mbuzi ya Lachinayi. Pa za apozi thukuta likuoneka dontho lililonse. Pa za kachidole likuoneka pang'ono. Ndikanatha kuilemba ngati mfundo yachisanu ndi chiwiri, koma mphamvu ndilibe.

Masana. Tiyamike wabwera ndi Bongani kudzathokoza. Mkamwini wandigwira chanza ndi manja awiri, "Ngiyabonga, malume," kenako wayesa "zikomo kwambiri" ndipo watha ndithu. Tiyamike wagwada pakhomo la khitchini monga anaphunzitsidwira. "Amalume, ndinakuonani pampata wa chitenje mukulimbana ndi foni, ndiye ndinangoimba. Pepani." Ndati palibe cholakwa. Ndamufunsa chifukwa chake sanandiuze za chikolecho. Ati: "Yoyamba ija munandigulira ndinu. Ndinkaopa kuti muziti ndakutayani." Ndaimirira. Ndanamizira tambala, ndapita kukamuona kubafa.

Pochoka wasiya ya kachidole ija patebulo, ati amake Dali azigwiritsa ntchito. Ndaiyatsa. Chithunzi cha pagalasi chidakali chija cha sabata yoyamba, iye ndi ine pakhonde pano, chikwama cha mizeremizere pakati pathu.

Madzulo. Kumudzi lero ndi tsiku la anakubala. Achemwali atumiza uthenga, mawu atasasa. Ati holo sanaione. Mkamwini anaona chibwano chokha. Ine sanandione n'komwe. Ati chimene anaona ndi nkhope ya mwana wawo m'kati mwa chitenje, pafupi, mumdima, ngati tsiku limene anamubala, ndipo zimenezo zawakwanira. Ati amayi a pachulu analira onse. "Achimwene, mwachita bwino, lonjezo mwasunga." Sindinawatsutse.

Kumapeto kwa uthengawo akhosomola pang'ono. "Koma foni ya mwanayo ikuonetsa bwino ngakhale mumdima. Akuti ili ndi chipatso kumsana. Mukadzapeza mpata, yanga ino yatopa."

Mawa poweruka ndidzera kwa Saidi, ndikafunse ngati ali nayo yogwirapo kale ntchito. Ndikamuuza kuti ndi ya munthu wina.